Makina Akalira, Pansi Pali Golide? Mafunso ndi Mayankho kwa Ofuna Kuyamba

Pa Facebook ndi pa YouTube pamayenda mavidiyo okopa: munthu akuyendetsa makina pamwamba pa nthaka, makinawo n'kulira, iye n'kupala pang'ono, n'kutola kachibuluma ka golide. Chimene kamera sionetsa ndi maenje ena onse a tsikulo, amene anatuluka misomali yadzimbiri ndi zitsekerero za mabotolo. Ku Britain, ku Australia ndi ku America, kufufuza zitsulo m'nthaka ndi kutsuka mchenga wa mumtsinje pofuna golide ndi zochita za Loweruka. Anthu ali ndi makalabu awo, malamulo awo, ndipo ambiri mwa iwo sayembekezera kudyerapo. Kuno kwathu nkhaniyi imafika ili ndi nkhope ina, chifukwa wogula makina nthawi zambiri amakhala atagulitsa mbuzi kapena atatenga ngongole. Mayankho ali m'munsiwa ndi a onse awiri: wofuna kusangalala ndi wofuna kudziwa ngati pali phindu.

Kodi makina amenewa amadziwa bwanji kuti pansi pali chitsulo?

Kumunsi kwa ndodo ya makinawa, omwe m'masitolo amalembedwa kuti metal detector, kumakhala mbale yafulati. M'kati mwake muli mawaya okulungidwa, omwe amatchedwa koyilo. Magetsi a m'batire akamadutsa m'koyilo yoyamba, amatumiza mphamvu ya maginito m'nthaka. Mphamvuyo ikakumana ndi chitsulo chilichonse, kaya ndi golide, mkuwa, mtovu kapena chitini, imadzutsa timagetsi tating'ono m'chitsulocho, ndipo chitsulocho chimabweza mphamvu yakeyake. Koyilo yachiwiri imamva zobwerazo, makina n'kuzisandutsa kulira kumene mumamva m'makutu.

Nzeruyi si yatsopano. Mu 1881 a Alexander Graham Bell, omwe timawadziwa pa nkhani ya telefoni, anayesa kufufuza chipolopolo m'thupi la pulezidenti wa America, a James Garfield, atawomberedwa. Sanachipeze, ndipo china chimene chinawasokoneza chinali masipuling'i achitsulo a bedi limene wodwalayo anagonapo. Mu 1941 msilikali wa ku Poland, a Józef Kosacki, anapanga makina onyamula m'manja ofufuzira mabomba okwirira, omwe anagwira ntchito pa nkhondo ya ku El Alamein chaka chotsatira. Nkhondo itatha, makina otsala a asilikali anagulitsidwa motchipa, ndipo anthu wamba anayamba kuyenda nawo m'minda ndi m'mphepete mwa nyanja.

Amatha kusiyanitsa golide ndi msomali?

Msomali inde, nthawi zambiri. Golide ayi. Chitsulo chilichonse chimabweza mphamvu mosiyana pang'ono malinga ndi mmene magetsi amayendera m'kati mwake, kukula kwake ndi kaonekedwe kake. Makina amasonyeza nambala pa galasi kapena kusintha kaliridwe, ndipo mukhoza kuwauza kuti azingokhala chete akakumana ndi chitsulo chogwidwa ndi maginito. Vuto n'lakuti golide alibe nambala yakeyake. Mphete yagolide imalira mofanana ndi kachotsegulira ka chitini cha zakumwa, ndipo kandolo kagolide kamalira ngati kapepala ka aluminiyamu kokutira chokoleti. Kachibuluma kakang'ono ka golide wachilengedwe kamapereka nambala yotsika kwambiri, yoyandikana ndi ya chitsulo wamba, moti mukauza makina kuti azikana zinyalala, amakananso golideyo. N'chifukwa chake ofufuza golide enieni ku Australia amakumba chilichonse cholira, ndipo matumba awo amadzaza zipolopolo zakale, timisomali ta nsapato ndi tizidutswa ta waya.

Pali chinanso chosokoneza: nthaka yeniyeniyo. Dothi lofiira la katondo ndi miyala yakuda zimakhala ndi chitsulo chambiri, ndipo makina amalira ngakhale palibe kanthu. Tsoka lake, golide amakonda kupezeka m'nthaka yoteroyo. Makina abwino amakhala ndi batani lowaphunzitsa nthaka ya pamalopo kuti aziinyalanyaza, lolembedwa kuti ground balance. Makina opanda batanili amavutika m'nthaka yotereyi.

Amafika pansi patali bwanji? Ena amati alipo oona golide ali pa mtunda wa makilomita angapo.

Ndalama yachitsulo imamveka ikakhala masentimita 20 mpaka 30 pansi. Kanthu kakang'ono ngati njere ya mpunga kamamveka pa masentimita ochepa chabe. Chinthu chachikulu, monga mphika wachitsulo, chikhoza kumveka pa mita imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Mphamvu ya maginito imachepa mofulumira kwambiri ikamatalikira koyilo, ndipo palibe kampani imene ingasinthe zimenezo.

Choncho zipangizo za timilongoti tozungulira pa chogwirira, zimene amati zimaloza kumene kuli golide kuseri kwa phiri, kapena zimajambula chithunzi cha chuma chimene chili mamita 50 pansi, n'zakuba ndalama za anthu. Kamlongotiko kamatembenuka chifukwa dzanja la wochigwira lapendekeka pang'ono iye osazindikira. Mu 2013 khoti la ku London linalamula a James McCormick kukakhala kundende zaka 10 chifukwa chogulitsa ku Iraq ndi maiko ena chipangizo chamtunduwu chotchedwa ADE 651, ponama kuti chimazindikira mabomba. M'kati mwake munalibe chilichonse chogwira ntchito, ndipo anachitengera pa choseweretsa chofufuzira timipira ta gofu. Ngati maboma anapusitsidwa, wogulitsa wa pa WhatsApp sangavutike ndi munthu mmodzi amene ali ndi njala ya golide.

Chinyengo china n'chovuta kuchiona. Kuyambira cha m'ma 2009, anthu ambirimbiri anakhamukira m'chipululu cha kumpoto kwa Sudan ndi makina ofufuzira golide, ndipo khamuli linafalikira ku Chad, ku Niger ndi ku Mauritania. Makina a Minelab, kampani ya ku Adelaide ku Australia, anafunidwa kwambiri moti ena anayamba kupanga onamizira: dzina lomwelo, mtundu womwewo, bokosi lomwelo, koma m'kati muli zotchipa. Makina amene kwa wogulitsa wovomerezeka ndi madola zikwi zingapo, wina akakuuzani kuti akupatsani pa madola 500, musatulutse ndalama.

Nanga ndigule mtundu uti?

Zimadalira chimene mukufuna. Mitundu ikuluikulu ndi iwiri. Wa VLF ndi umene uli ndi anthu ambiri: ndi wopepuka, umasiyanitsa zitsulo, ndipo wabwino wa woyamba kumene, wa makampani monga Garrett, Nokta, Fisher kapena Minelab, umapezeka pa madola 200 mpaka 400. Umenewu ndi wa ndalama zakale, mphete zotayika ndi zina zotero. M'gulu lomweli muli makina opangidwira golide, amene amatumiza mphamvu yawo mothamanga kwambiri kuti azimva tinthu ting'onoting'ono: Gold Monster 1000 imagwira pa 45 kHz, Gold Bug 2 pa 71 kHz, pomwe makina wamba amagwira pakati pa 5 ndi 15 kHz.

Mtundu wachiwiri ndi wa PI. Umatumiza mphamvu modukizadukiza n'kumamvetsera pakatipo, ndipo suvutika kwambiri ndi dothi lachitsulo. Umafika pansi kuposa unzake, koma ndi wolemera, wodula kwambiri, ndipo susiyanitsa bwino zitsulo. Munthu amene sanagwirepo makina alionse asayambire pamenepa.

Pambali pa makinawo mufunika mahedifoni, chifukwa kulira kwa golide wakuya n'kwapansipansi, kakhasu kolimba, ndi kachipangizo kam'manja kolozera pamalo penipeni m'dzenje. Nsapato za chitsulo kumapazi zisiyeni kunyumba, apo ayi muzidzafufuza zala zanu tsiku lonse.

Ngati cholinga changa ndi golide, ndiyambe ndi makina kapena beseni?

Beseni, mosakayika. Chifukwa chake n'chimene ogulitsa makina sakonda kunena: golide wambiri wa m'mitsinje ndi waufa, timadontho tochepa kuposa njere ya mawere, ndipo makina samumva ngakhale atakhala wochuluka bwanji mumchengamo, popeza kadontho kalikonse kali pakokha. Makina amagwira ntchito kumene kuli tizibuluma, ndiponso tili pafupi ndi pamwamba. Ku Sudan ndi kumadzulo kwa Australia zimatheka chifukwa nthaka yake ndi yosaya ndipo mphepo ndi madzi zakhala zikuchotsa dothi lopepuka kwa zaka zosawerengeka, golide n'kutsala pamtunda. Beseni limakuuzani ngati pamalopo pali golide n'komwe, ndiponso ngati ndi waufa kapena wokhakhala, musanawononge ndalama.

Chinsinsi chonse cha beseni ndi kulemera. Botolo la lita imodzi lodzaza madzi limalemera kilogalamu imodzi. Mutalidzaza golide lingalemere makilogalamu 19.3, mtovu, 11.3, pomwe mwala woyera wa quartz, umene umapanga mchenga wambiri, ndi 2.65 chabe. Amene anaonapo mayi akupeta mpunga m'lichero wamvetsa kale theka la ntchitoyi: kugwedeza kumapatula cholemera ndi chopepuka, kungoti apa madzi ndiwo akugwira ntchito ya mphepo.

Sefani kaye mchengawo kuti nsangalabwi zikuluzikulu zichoke. Thirani m'beseni osadzaza, limizeni lonse m'madzi odekha, ndipo fikisani dothi ndi zala mpaka matope onse atasungunuka, chifukwa dongo limamata golide n'kuthawa naye. Kenako gwedezani mwamphamvu uku ndi uku, beseni lili chafulati, mpaka mchenga wonse uziyenda momasuka. Apa ndi pamene golide amamira pansi. Pendeketsani beseni pang'ono, madzi azikokolola za pamwamba zokha. Bwezerani chafulati, gwedezaninso, pendeketsaninso. Oyamba kumene amalakwitsa pamenepa: amakokolola kwambiri, kugwedeza pang'ono. Pomaliza pamatsala mchenga wakuda wolemera, wodzaza supuni ziwiri kapena zitatu. Siyani madzi pang'ono, azungulitseni mofatsa, mchenga wakudawo uzisuntha, ndipo ngati golide alipo aoneka kumapeto, wachikasu, wosafuna kusuntha.

Mabeseni opangidwira ntchitoyi ndi apulasitiki, obiriwira kapena akuda kuti golide azionekera, ndipo mbali imodzi ili ndi timizere togwira zolemera. Musanapite kumtsinje, yesererani pakhomo. Dulani tizidutswa khumi ta mtovu, monga wa pa ukonde wa asodzi, tisakanizeni ndi mchenga, n'kutsuka. Mukamabweza tonse khumi nthawi iliyonse, golide sangakupulumukeni, pakuti iye ndi wolemera kuposa mtovuwo.

Mumtsinje golide amakhala pati?

Amayenda nthawi ya madzi osefukira okha, ndipo amagwa paliponse pamene madziwo atha mphamvu. Choncho mtsinje muziuyang'ana m'chilimwe koma mukuganiza za mwezi wa February: madzi anafika pati, anagunda pati, anazungulira pati. Malo oyamba kuyesa ndi mbali ya m'kati ya pokhota mtsinje, kuseri kwa miyala ikuluikulu, pamene mtsinje watuluka pampata n'kutambasuka, ndi m'mizu ya mitengo ya m'mphepete. Mchenga woyera wofewa wa pamwamba ulibe kanthu. Golide amalowerera pansi mpaka atatsakamira pa thanthwe kapena pa dongo lolimba, ndipo ming'alu ya thanthwe yopingasa madzi ndiyo nkhokwe yake. Supuni imodzi ya dothi lokokotedwa m'mng'alu ikhoza kuposa mabeseni khumi a mchenga wa pamwamba.

Golideyo amafotokozanso ulendo wake. Wafulati ndi wosalala wachokera kutali, wapunthidwa ndi miyala m'njira. Wokhakhala, wa nsonga, mwina wogwirana ndi quartz, gwero lake lili pafupi. Akatswiri akale ankakwera mtsinje akutsuka beseni limodzi apa, lina patsogolo, n'kumawerenga timadontho. Timadonthoto tikachuluka kenako n'kuzimirira mwadzidzidzi, ankadziwa kuti apitirira gwero, ndipo ankabwerera n'kuyamba kukwera mtunda wa m'mbali. Pamtunda ankafuna mizere ya quartz yothimbirira dzimbiri, osati yoyera mbee. Ntchito imeneyi imatenga milungu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndapeza zonyezimira zachikasu. Ndidziwa bwanji kuti ndi golide?

Zopusitsa zake ndi ziwiri: pyrite ndi mica. Mica ndi wopepuka, amavina m'madzi mukagwedeza beseni, ndipo amanyezimira mukamuyang'ana mbali imodzi yokha. Pyrite ndi wolimba, nthawi zambiri amakhala wa ngodya zooneka bwino, ndipo mukamumenya ndi hamala amanyenyeka n'kukhala fumbi lakuda mobiriwira. Golide sanyenyeka. Amaphwatalala, singano imamuboola kapena kumusiyira chizindikiro, ndipo mtundu wake susintha kaya muli padzuwa kaya pamthunzi. Maginito samugwira, koma zimenezo zokha si umboni, popeza mkuwa nawonso sugwidwa, ndipo akathyali amagulitsa fumbi la mkuwa wosakaniza ponena kuti ndi golide.

Alipo amene analemera nazo?

Alipo, ndipo nkhani zawo n'zimene zimagulitsa makina. Mu September 1980 a Kevin Hillier anali kufufuza pafupi ndi kamudzi ka Kingower m'chigawo cha Victoria ku Australia pamene makina awo analira. Pa masentimita pafupifupi 30 anakumana ndi chibuluma cha golide cha makilogalamu 27.2. Chinatchedwa Hand of Faith, chinagulidwa ndi ndalama zoposa madola miliyoni imodzi, ndipo chili ku kasino ya Golden Nugget ku Las Vegas. Dera lomwelo ndi limene mu 1869 linatulutsa Welcome Stranger, cholemera makilogalamu oposa 70, chimene anthu awiri anachipeza m'mizu ya mtengo popanda makina alionse.

Ku England chuma chake n'cha mtundu wina. Mu November 1992 a Eric Lawes anapita ndi makina awo m'munda wina ku Hoxne, ku Suffolk, kukathandiza mnzawo mlimi kufunafuna hamala imene inatayika. Anapeza masupuni asiliva ndi ndalama za Aroma. Anasiya kukumba, n'kudziwitsa akuluakulu, ndipo akatswiri a zakale anabwera m'mawa mwake kudzafukula mwadongosolo. Panatuluka ndalama zachitsulo pafupifupi 15,000 ndi ziwiya zagolide ndi zasiliva. Mphoto inali mapaundi 1.75 miliyoni, yomwe anagawana ndi mlimiyo. Hamala ija inapezekanso, ndipo ili ku British Museum pamodzi ndi chumacho. Mu July 2009 a Terry Herbert anapeza m'munda wa pafupi ndi Hammerwich zidutswa zikwi zingapo za zida zankhondo za Anglo-Saxon, golide wake wokwana pafupifupi makilogalamu 5. Mtengo wake unaikidwa pa mapaundi 3.285 miliyoni.

Koma onani zimene nkhanizi zikubisa. A Herbert anali atayenda ndi makina zaka 18 tsikulo lisanafike. A Hillier anali kufufuza m'dera limene linali lodziwika ndi zibuluma za golide kuyambira m'ma 1850. Ndipo maina amenewa timawakumbukira chifukwa ndi ochepa pakati pa anthu zikwizikwi. Wofufuza wamba ku England akatha chaka amakhala ndi bokosi la mabatani, zomangira malamba, ndalama zamkuwa zofufutika ndi mwina kandalama kasiliva kamodzi. Amakhutira nazo, chifukwa anapita kukayenda ndi kukagwira zinthu zimene wina anataya zaka mazana apitazo. Kwa ine, muyeso wake ndi uwu: ngati ndalama ya makinawo ikufunika kubwerera kuti ana apite kusukulu, musagule.

Ndili ku Britain. Chimene ndapeza n'changa?

Ayi, osati mwachisawawa. Malo alionse ali ndi mwini wake, kuphatikizapo mapaki ndi magombe, ndipo kufufuza popanda chilolezo chake ndi kulowerera, pomwe kutenga chinthu n'kuba. Pa malo a mbiri otetezedwa ndi boma n'zoletsedwa ngakhale mwini munda atavomera. Anthu amalemberana kapepala ndi mlimi, nthawi zambiri kogwirizana kugawana pakati ndi pakati.

Ku England, ku Wales ndi ku Northern Ireland kuli lamulo la Treasure Act la 1996. Chinthu cha zaka zoposa 300 chokhala ndi golide kapena siliva wosachepera magawo 10 pa 100 alionse, komanso ndalama zakale zopezeka mulu umodzi, ziyenera kunenedwa pasanathe masiku 14. Nyumba yosungira zakale ikachifuna, komiti imaika mtengo, ndipo wopeza ndi mwini malo amalandira mphoto. Ku England ndi ku Wales zinthu zina zonse amalimbikitsa kuti zikalembetsedwe ku Portable Antiquities Scheme, yomwe inayamba mu 1997 ndipo yalemba kale zinthu zoposa miliyoni imodzi. Ku Scotland lamulo n'lokhwima kuposa apa: chakale chilichonse, ngakhale chamwala, chiyenera kunenedwa. Amuna awiri amene anapeza chuma cha nthawi ya ma Viking pafupi ndi Leominster mu 2015 n'kuchibisa anamangidwa mu 2019, ndipo ndalama zambiri za mulu umenewo sizinapezekenso. Akanangonena, akanalandira mphoto yaikulu.

Njira yosavuta yoyambira kumeneko ndi kulowa kalabu ya m'dera lanu. Makalabu amakhala ndi minda imene anapempha kale.

Nanga kuno kwathu lamulo likuti chiyani?

Apa ndi pamene mavidiyo akunja amasocheretsa anthu. Ku Victoria munthu amagula chiphaso chotchedwa Miner's Right, chogwira ntchito zaka 10, pa ndalama yochepa, ndipo amaloledwa kufufuza ndi makina ndi zida zam'manja m'malo ovomerezeka, golide amene wapeza n'kukhala wake. M'maiko athu kuno lamulo silinapatule wosangalala ndi wochita malonda motero. Ku Malawi miyala yonse yamtengo wapatali ya m'nthaka ndi ya dziko, ngakhale ili m'munda mwanu, ndipo kufufuza, kukumba ndi kugula zimafuna chiphaso pansi pa lamulo la migodi la 2023. Chilolezo cha a mfumu ndi cha mwini munda n'chofunika, koma sichilowa m'malo mwa chiphasocho. M'nkhalango zotetezedwa ndi m'malo osungira nyama musayerekeze n'komwe. Golide alipodi: chigwa cha Lisungwe chakhala chikudziwika kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo ku Makanjira ku Mangochi anthu akhala akutsuka mchenga kwa zaka zingapo tsopano. Kuyambira 2021 banki yaikulu ya Reserve imagula golide wa okumba ang'onoang'ono kudzera ku Export Development Fund. Musanagule beseni n'komwe, pitani ku ofesi yoona za migodi mukafunse chiphaso choyenera chimene mukufuna kuchita. Safunsa anadya phula.

Abale athu amene ali ku South Africa asamale kwambiri. Kumeneko kungopezeka ndi golide wosayenga popanda chiphaso ndi mlandu pansi pa lamulo la Precious Metals Act la 2005, ndipo lamulo la National Heritage Resources Act la 1999 limaletsa kugwiritsa ntchito makinawa pa malo a zakale popanda chilolezo. N'chifukwa chake ofufuza ambiri kumeneko amangoyenda m'magombe a Durban ndi Cape Town, kufuna ndalama ndi mphete za osambira. Ku Zimbabwe nakonso kusunga golide popanda chiphaso kumapititsa munthu kundende.

Ndikapeza chinthu chakale m'munda mwanga, cholakwika n'chiyani kuchifukula?

Cholakwika n'chakuti mtengo weniweni wa chinthucho uli pa malo amene chagona: kuya kwake, zimene zili pambali pake, makala amene angayezedwe kuti adziwe zaka. Mukachizula, zonsezo zatha, ndipo sizibwerera. Dera lathu linaonapo kale zimenezi. Mu 1895 kunakhazikitsidwa kampani ya Rhodesia Ancient Ruins Limited, imene inapatsidwa ufulu wokumba mabwinja amiyala a ku Zimbabwe pofuna golide. Inafukula mabwinja ambirimbiri, n'kutaya mapale, mikanda ndi mafupa ngati zinyalala. Golide amene inapeza anali wochepa, koma mbiri imene inawononga palibe angaibweze.

Yerekezani ndi Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka ku Dedza, likulu la a Kalonga a Maravi. A Yusuf Juwayeyi atafukula malowo mwadongosolo anapeza mikanda yagalasi, mapale a mbale za ku China, zinthu zamkuwa ndi minyanga ya njovu, umboni wakuti makolo athu ankachita malonda ofika kutsidya kwa nyanja ya mchere. Munthu wa makina akanatolamo zamkuwa zokha n'kupondereza zina zonse. Lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zoterezi, choncho mukakumana nazo, siyani kukumba, jambulani, kwirirani, n'kudziwitsa nthambi ya boma yoona zakale. Pamanda ndi pa malo a nsembe sipofunika n'kukumbutsana. Ndipo mphekesera za mabokosi a chuma amene Majeremani kapena amishonale anakwirira pansi pa zipilala za oyeza malo zagumulitsa zipilala zambiri, koma sizinalemeretse munthu.

Zoopsa zake n'zotani?

Zitatu. Choyamba ndi zida zankhondo. Dziko la Mozambique linalengeza mu 2015 kuti lamaliza kuchotsa mabomba okwirira m'malo onse odziwika, koma mawu oti odziwika ndi ofunika kuwamva bwino, ndipo m'malire a Zimbabwe ndi Mozambique mabomba a m'ma 1970 akhala akuchotsedwabe. Ku Britain ofufuza amakumana ndi magirinedi a nkhondo yachiwiri kawirikawiri. Chitsulo chooneka ngati chipolopolo chachikulu kapena kachitini kokhala ndi pini musachigwire: ikani chizindikiro, talikirani, itanani apolisi.

Chachiwiri ndi dzenje. Mchenga wa m'mphepete mwa mtsinje umagumuka mosachenjeza, ndipo kufukula chammbali pansi pa gombe ndi kumene kumakwirira anthu ambiri. Mu February 2019 madzi analowa m'migodi ya okumba ang'onoang'ono ku Battlefields ku Zimbabwe ndipo anthu oposa 20 anafa. Wochita izi posangalala alibe chifukwa cholowera m'dzenje lopitirira m'chiuno. Ng'ona ndi likodzo nazonso zili m'mitsinje yomweyo.

Chachitatu ndi mercury. Wina adzakuuzani kuti muthire kadontho m'beseni kuti agwire golide waufa, kenako muotche. Utsi wake ulibe fungo, umawononga ubongo ndi impso, ndipo umavulaza kwambiri ana ndi amayi oyembekezera. Wotsala amalowa mumtsinje n'kukathera m'nsomba. Migodi ing'onoing'ono ya golide ndiyo imatulutsa mercury wochuluka mumpweya kuposa ntchito ina iliyonse ya anthu, ndipo pangano la Minamata la 2013 linapangidwa pofuna kuchepetsa zimenezi. Mchenga wakuda umachoka ndi maginito okutidwa m'kapulasitiki ukauma, ndipo timadontho ta golide timatoleka ndi nsonga ya chala chouma kapena kabotolo kopopera.

Makina afika, chilolezo chilipo. Tsiku loyamba ndichite chiyani?

Musapite kutali. Sankhani kamalo pakhomo panu, kayeseni kaye kuti mutsimikize kuti mulibe zitsulo, ndipo kwirirani zinthu zimene mukuzidziwa motalikirana: ndalama yachitsulo pa masentimita 10, ina pa 20, msomali, chitsekerero cha botolo, kachidutswa ka mtovu, kapepala ka aluminiyamu. Lembani pamene chilichonse chili. Yendetsani makina pamwamba pake mobwerezabwereza mpaka khutu litazolowera mawu a chilichonse.

Koyilo izikhala pafupi kwambiri ndi nthaka, chafulati kuyambira kumanzere mpaka kumanja, osaikweza kumapeto. Yendani pang'onopang'ono, ndipo mzere uliwonse uzilowerera theka la umene wapita, chifukwa pansi penipeni makina amaona kampata kakang'ono kuposa kukula kwa koyiloyo. Mukamva kulira, yesaninso mutatembenukira mbali ina. Chinthu chenicheni chimalira pamalo amodzi kuchokera mbali zonse, pomwe mwala wachitsulo umasinthasintha. Mphamvu ya makina musaikweze mpaka pamapeto, chifukwa azingolongolola ndipo kulira kwenikweni kudzasowa m'phokosomo. Pa miyezi yoyambirira kumbani chilichonse, tengani zinyalala zonse m'thumba, kwirirani dzenje lililonse kuti ng'ombe za eni ake zisathyokeremo, ndipo lembani m'kope nambala imene makina anasonyeza ndi chimene chinatuluka. Mukafika poti mukutha kunena musanakumbe kuti apa pali chitsekerero, n'kupezekadi kuti n'chitsekerero, mukhoza kukapempha munda wa munthu wina.